Mwana wosowa timamudziwira chiyani, ndipo thandizo liyambire pati?

Kafunsefunse: Moni nonse akuluakulu. Tiyerekeze kuti kagulu kapeza ndalama zochepa zothandizira ana ovutika m'dera losauka. Ambiri amathamangira kulemba mayina a mabanja amene akuoneka osauka, kenako n'kugula zovala ndi makope. Kodi ilipo njira yodalirika yodziwira mwana amene akusowadi, komanso chimene akusowacho? Amene mumagwira ntchito za ana, tiunikireni.

Wowerengera: Zikomo achimwene. Pali miyezo iwiri imene anthu amaisakaniza. Woyamba ndi wa ndalama. Banki Yaikulu ya Padziko Lonse inkati munthu ali pa umphawi wadzaoneni ngati akukhalira ndalama zosakwana madola 2.15 pa tsiku, ndipo mu 2025 inakweza malirewa kufika pa madola 3. Pogwiritsa ntchito malire a 2.15 aja, lipoti la bankiyo ndi UNICEF la 2023 linapeza ana pafupifupi 333 miliyoni. Ana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse padziko, koma mwa osaukitsitsa, oposa theka ndi ana.

Chilema cha muyezowu n'chakuti umatenga chuma cha khomo lonse n'kuchigawa mofanana pamutu pa aliyense. Papepala, bambo, mayi ndi khanda la miyezi 9 amadya zofanana. Pakhomo sizikhala choncho. Mwana wamasiye wokhala kwa achibale, mwana wolumala, kapena mtsikana wantchito akhoza kukhala pakhomo la mwanaalirenji iye akugona ndi njala.

Muyezo wachiwiri umayang'ana mwanayo mwini. Mu 2003 akatswiri a ku yunivesite ya Bristol, pogwirira ntchito UNICEF, anaika zinthu zisanu ndi ziwiri: chakudya, madzi, chimbudzi, chithandizo cha zaumoyo, pogona, sukulu ndi njira yomvera uthenga. Chilichonse anachiikira malire omveka, monga anthu oposa asanu m'chipinda chimodzi, kumwa madzi a mumtsinje, mwana wa zaka 7 mpaka 18 amene sanapondepo m'kalasi, kapena amene sanabayidwepo katemera aliyense. Wosowa ziwiri kapena kuposa ankawerengedwa kuti ali pa umphawi wadzaoneni. Kwa kagulu kakang'ono muyezo wachiwiriwu ndiwo wothandiza, chifukwa umakuuzani chochita. Funsani za mwana aliyense payekha, osati za banja.

Namwino wa Ana: A Wowerengera anena bwino, koma musanasindikize mafomu, pezani timalamba toyezera mkono, totchedwa MUAC. N'totsika mtengo ndipo mayi aliyense angaphunzire kayezedwe kake. Timalambati timagwira ntchito pa ana a miyezi 6 mpaka 59. Mwana apinde mkono wamanzere, mupeze nsonga ya phewa ndi nsonga ya chigongono, muike chizindikiro pakatikati. Kenako autambasule, ulendewere momasuka, ndiye muzungulize kalambako pachizindikiro paja. Kakhudze khungu ponseponse koma kasafinye. Kalambako kali ndi mitundu itatu: pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kuyambira 11.5 mpaka pansi pa 12.5 ndi pachikasu. Kuyambira 12.5 ndi pobiriwira.

Zimalakwika pati? Kukoka kalamba mwamphamvu, kuyeza mkono uli chipindire, kuyeza pamwamba pa malaya, ndi kungoyerekeza pakati ndi maso. Mamilimita awiri okha amachotsa mwana pofiira n'kumuika pachikasu, iye n'kuphonya chithandizo.

Kenako mapazi. Dinani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala timaenje mbali zonse, ndiko kutupikana, ndipo mwanayo ali pangozi ngakhale kalamba kaonetse pobiriwira. Ameneyu ndiye amanamiza anthu: amaoneka wonenepa ndipo pasikelo amalemera, pamene kulemerako ndi madzi.

Kalamba sikaona kupinimbira. Kumeneko kumafuna msinkhu ndi tsiku lenileni lobadwa, ndipo wosakwana zaka ziwiri amayezedwa chogona pathabwa, oyeza ali awiri. Mu 2022 ana osakwana zaka zisanu opinimbira analipo 148 miliyoni, onyentchera 45 miliyoni. Kumene ana onse ndi aafupi palibe amene amadabwa, amangoti ndi mtundu.

Kafunsefunse: Ndiye tikapeza wa pofiira, tingomugulira chiponde, amayi?

Namwino wa Ana: Ayi achimwene, musayerekeze. Chiponde cha ana onyentchera, chija cha kuchipatala, ndi mankhwala, ndipo woyamba kumuona mwanayo akhale wa zaumoyo. Amayamba amuyesa ngati ali ndi chilakolako cha chakudya, pomupatsa chiponde pomwepo pamalo aphee. Akadya, ndipo alibe matenda ena oopsa, amalandira chithandizo ali kunyumba: chiponde molingana ndi kulemera kwake, mankhwala a amoxicillin, n'kumabwera kusikelo sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse. Paketi imodzi ndi magalamu 92 ndipo ili ndi makalore 500. Mwana wa makilogalamu 7 amafunika mapaketi awiri kapena atatu pa tsiku. Musachisungunule m'madzi, chifukwa kuuma kwakeko ndi kumene kumaletsa tizilombo kuswana. Mwana azidya kuchokera m'paketi n'kumamwera madzi aukhondo, ndipo woyamwa ayambe wayamwa.

Akakana kudya, kapena ali ndi chibayo, akusanza chilichonse, wafooka kwambiri, kapena watupa thupi lonse, ameneyo ngogonekedwa. Kumeneko amayamba ndi mkaka wapadera wa kuchipatala wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Thupi lonyentchera limakhala litachepetsa ntchito zake zonse kuti lipulumuke. Mukalithira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima ukhoza kulephera. N'chifukwa chakenso masiku oyambawo sapatsidwa ayironi. Ana otere amafa kwambiri ndi kutsika kwa shuga m'magazi ndi kuzizidwa, makamaka mbandakucha, choncho kudumpha chakudya cha usiku si nkhani yaing'ono.

Kunyumba chimene chimapha chithandizo ndi kugawana. Mayi wa ana anayi anjala sangaonerere mmodzi akudya yekha, ndipo simungamudzudzule. Ngati kagulu kanu kali ndi ndalama, gulirani banjalo chakudya cha ana enawo kuti chiponde chifike kwa mwini wake.

Mlangizi wa Zakudya: Ndionjezerepo za amene sanafike pofiira, poti ndiwo ambiri. UNICEF mu 2024 inati mwana mmodzi mwa anayi alionse osakwana zaka zisanu, ana 181 miliyoni, amadya kuchokera m'magulu awiri okha a zakudya kapena kucheperapo pa tsiku. Magulu amene amawerengawo ndi asanu ndi atatu: mkaka wa m'mawere, zokhutitsa monga chimanga, mpunga ndi mbatata, za mtundu wa nyemba ndi mtedza, mkaka wa ziweto, nyama ndi nsomba, mazira, masamba ndi zipatso za vitamini A, ndi masamba ndi zipatso zina. Mwana amafunika magulu asanu pa tsiku. Chodabwitsa m'lipoti lomwelo n'chakuti oposa theka la anawa sanali a m'mabanja osaukitsitsa. Ndalama pazokha sizidyetsa khanda.

Cholakwika chachikulu ndi phala lamadzimadzi. Mimba ya mwana imalandira pafupifupi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye wa makilogalamu 8 amakhuta ndi kapu imodzi yokha. Kapuyo ikadzaza madzi, wakhuta koma sanadye. Phala likhale lolimba moti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Muthiremo kasupuni ka mafuta kapena nsinjiro, dzira, nsomba yosinja, kapena masamba opota. Pa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu, kuyambira masupuni aakulu awiri kapena atatu mpaka kufika theka la kapu. Pa miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi, ndi tina tapakati, akuyamwabe. Akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse wamng'ono amatsala m'mbuyo ndipo simudziwa kuti wadya zochuluka bwanji.

Miyezi 6 yoyamba ndi kuyamwitsa mwakathithi, ngakhale madzi ayi. M'mera mpoyamba: kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana kukwanitsa zaka ziwiri ndi masiku 1,000, ndipo msinkhu wotayika m'nyengo imeneyi subwerera wonse ngakhale adzadye bwino pambuyo pake.

Wa Zamadzi: Zonsezi n'zoona, koma mukudyetsa mwana amene akutsegula m'mimba mwezi ndi mwezi. Ine ndingayambire pa madzi ndi zimbudzi. Madzi a pamjigo amachoka ali abwino n'kukaipira kunyumba, m'ndowa yosavundikira momwe aliyense amaviikamo kapu ndi zala zomwe. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono, chotsekera, ndi kolorini wothira pa mlingo wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30, zimathetsa zambiri. Ulendo wokatunga ukapitirira mphindi 30 kupita ndi kubwera, banja limatunga ochepa, ndipo oyamba kusiyidwa ndi madzi osamba m'manja. Chinanso, chimbudzi cha khanda anthu amachiyesa chosaopsa n'kungochitaya kuseri kwa nyumba, pamene chili ndi tizilombo tochuluka.

Wowerengera: Bambo a Zamadzi, apa ndikutsutsaniko pang'ono. Kafukufuku wamkulu wa WASH Benefits ku Bangladesh ndi ku Kenya, ndi wa SHINE ku Zimbabwe, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018 ndi 2019, anapatsa mabanja zimbudzi, posambira m'manja ndi kolorini. Msinkhu wa ana sunasinthe. Amene anakulako pang'ono ndi amene analandira chakudya choonjezera.

Wa Zamadzi: Ndikuzidziwa zimenezo achimwene, ndipo sizikutanthauza kuti ukhondo ulibe ntchito. Zikutanthauza kuti chimbudzi cha pakhomo limodzi sichikwanira. Mwana wokwawa sagwiritsa ntchito chimbudzi. Amatola dothi ndi zitosi za nkhuku n'kuika m'kamwa, matumbo ake n'kumatupa mkati mwakachetechete osatsegula n'komwe, chakudya osalowa bwino m'thupi. Ndiye kusesa pabwalo, kutsekera ziweto kutali ndi pamene mwana amasewera, ndi kumuyalira mphasa yoyera, n'zofunika ngati chimbudzicho. Komanso khomo limodzi likamanga, oyandikana nawo akupitabe kutchire, ntchentche sizidziwa malire.

Namwino wa Ana: Poti mwatchula kutsegula m'mimba: paketi imodzi ya ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, isungunulidwe m'madzi aukhondo a mlingo wolembedwa papaketipo, kawirikawiri lita imodzi, osachepetsa madzi poganiza kuti ikhala yamphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza. Wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, wamkulupo 100 mpaka 200. Otsala atayidwe pakatha maola 24. Mankhwala a zinki ndi mamiligalamu 20 pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake kwa wosakwana miyezi 6. Ambiri amasiya zinki tsiku lachitatu mwana akangopeza bwino, pamene masiku otsalawo ndi amene amamuteteza miyezi ikubwerayo. Ndipo musamusiyitse kudya.

Mkayikiri: Ine funso langa ndi la ndalama. Masiku ano aliyense akuti apatseni ndalama m'manja. Kodi sizithera ku mowa? Bwanji osangomanga nyumba yosungiramo anawo, muziwadyetsa nokha?

Wowerengera: Bambo, za mowazo zinafufuzidwa. Mu 2014 David Evans ndi Anna Popova a ku Banki Yaikulu anasonkhanitsa kafukufuku wa ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo sanapeze kuti olandira ndalama amaonjezera kugula mowa ndi fodya. Njirayi si yatsopano: Mexico inayamba Progresa mu 1997, South Africa ndalama za ana mu 1998, Brazil Bolsa Família mu 2003. Za nyumba zosungira ana, ambiri mwa ana okhala m'menemo ali ndi kholo lamoyo, anapita chifukwa cha umphawi. Kusunga mwana mmodzi kumeneko kumadya ndalama zimene zikanathandiza mabanja angapo, ndipo khanda lokulira m'manja mwa olera osinthanasinthana limatsalira m'kaganizidwe.

Pamene ndalama zimalephera ndi pena. Choyamba ndi kuchepa. Ofufuza za mapulogalamuwa mu Africa anaona kuti kusintha kumaoneka bwino ndalamazo zikafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene banjalo limagwiritsa ntchito. Zikapanda kukwezedwa mitengo ikukwera, pakapita zaka zochepa zimasanduka za sopo. Chachiwiri ndi kuchedwa. Banja likadziwa tsiku lolandira limakonza mapulani, koma zikamabwera mwa apo ndi apo limakongola kwa akatapira, ndipo zikafika zimangopita kobweza. Chachitatu ndi njira yolandirira: ulendo wautali, nambala ya foni yolembedwa m'dzina la munthu wina, wothandizira kutulutsa ndalama pafoni amene alibe ndalama m'kabati.

Chachinayi, chachikulu, ndi kasankhidwe. Mafomu ofunsa za denga, wailesi ndi ziweto amaphonya osauka ambiri, chifukwa denga la malata likhoza kukhala la nthawi imene bambo anali moyo. Kalembera amachitika kamodzi pa zaka zingapo, pamene umphawi umasintha ndi matenda, maliro ndi chilala. Mukasiyira atsogoleri a m'dera okha, abale amalowa. Maganizo anga ndi akuti kumene pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankha ndi msinkhu n'kwabwino kuposa kusankha ndi katundu: mayi aliyense woyembekezera ndi mwana aliyense wosakwana zaka ziwiri. Aliyense amamvetsa lamulolo, ndipo palibe wopita kukanong'oneza kwa wolemba mayina.

Mkayikiri: Nanga osaika lamulo loti alandire pokhapokha mwana akupita kusukulu ndi kusikelo?

Wowerengera: Ku Mexico ndi ku Brazil zinatheka chifukwa sukulu ndi zipatala zinalipo, ndi kaundula wotsatira nazo. Kumene chipatala chili kutali, lamulolo limalanga amene ali kutaliwo, omwenso ndi osaukitsitsa. Kulondoloza kwake kumadyanso ndalama.

Wa Chisamaliro cha Ana: Pali pepala limodzi limene simunalitchule, chiphaso cha kubadwa. UNICEF mu 2024 inati ana pafupifupi 150 miliyoni osakwana zaka zisanu sanalembetsedwe. Ku South Africa, kumene ndalama za ana zimafikira ana oposa 12 miliyoni, amene amatsalira kwambiri ndi makanda osakwana chaka, ndipo chifukwa chimodzi ndi kuchedwa kwa mapepala. Onani kupweteka kwake: thandizo likuchedwa pa msinkhu umene likufunika koposa. Popanda chiphaso simungatsimikize kuti mtsikana wokwatiwa ndi mwana, kapena kuti wolembedwa ntchito sanafike msinkhu. Zimene zimalepheretsa n'zodziwika: ofesi ili kutali, chindapusa cha kulembetsa mochedwa, mayi naye alibe chiphaso, kapena afunsidwa kuti abwere ndi bambo wa mwana. Kagulu kochepa kakhoza kulipirira ulendo, kapena kupempha olembetsa kuti abwere pa tsiku la katemera. Pa fomu yanu ikanipo funso limeneli, ndipo muzipempha kuona pepalalo, chifukwa ambiri amayesa khadi la kusikelo ndilo chiphaso.

Mphunzitsi Wopuma: Ana anga, mwakhalitsa pa makanda, ndiloleni ndinene za okulirapo. Uganda itachotsa fizi ya kupulayimale mu 1997, ndi Kenya mu 2003, ana anakhamukira kusukulu. Koma sukulu yaulere ili ndi mitengo yobisika: yunifolomu, makope, ndalama za mayeso ndi za chitukuko, ndiponso ntchito imene mwanayo akanagwira pakhomo. Mu 2020 ana 160 miliyoni anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, 7 mwa 10 alionse m'zaulimi, ambiri m'minda ya makolo awo omwe. Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Tsegulani kaundula wa m'kalasi: amayamba kujomba nyengo yokolola, masiku a msika, mtsikana masiku angapo mwezi uliwonse. Akajomba masabata awiri otsatizana popanda womuyendera, manyazi obwerera amamugwira.

Kulembetsa si kuphunzira. Banki Yaikulu mu 2022 inati ana 7 mwa 10 alionse a zaka 10 m'mayiko osauka ndi apakati sangawerenge n'kumvetsa kankhani kosavuta. Kuyesa kwake n'kwa mphindi zochepa, monga amachitira a bungwe la Pratham ku India: muonetseni zilembo, kenako mawu, kenako ndime, kenako kankhani, muone pamene waima. Mukatero muwagawe anawo monga mwa pamene aima, osati monga mwa kalasi, muziwaphunzitsa ola limodzi pa tsiku m'chilankhulo chimene amayankhula. Makope amene achimwene atchula aja alibe phindu kwa mwana wa kalasi yachinayi amene sadziwa zilembo. Chakudya cha pasukulu chimathandiza, makamaka chikaperekedwa m'mawa, koma wosaukitsitsa amene sanalembetse n'komwe sichimufikira.

Mlangizi wa Zakudya: Aphunzitsi, kuwerengako kumayambira kutali. Ku Kingston, Jamaica, m'zaka za m'ma 1980, ofufuza anatenga ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena ankayenderedwa ola limodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, mlangizi akuonetsa mayi kusewera ndi kucheza ndi mwana pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, amene ankayenderedwawo ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 kuposa anzawo osayenderedwa. Phindu la mkaka woonjezera umene ena analandira silinakhalitse chomwecho. Chovuta pokulitsa njirayi n'chakuti mlangizi amapatsidwa makomo ambiri, ulendo wa ola n'kusanduka moni wa pakhomo, kapena amasewera yekha ndi mwana mayi ali kumadzi, pamene wophunzitsidwayo ndi mayiyo.

Mkayikiri: Koma zimenezi n'za boma, kagulu kangatani? Lilipo dziko limene linachepetsadi?

Wowerengera: Peru. Kupinimbira kunatsika kuchoka pa ana 28 pa 100 alionse mu 2008 kufika pa 13 mu 2016. Anasankha madera ovutikitsitsa, analunjika pa ana osakwana zaka ziwiri, ndipo ndalama za boma zinkatsatira zotsatira zooneka, monga katemera ndi kuyezedwa kwa ana pa nthawi yake. Kagulu sikangachite zonsezo, ndipo kasayese kukhala chipatala. Ntchito yake ndi kupeza mwana amene sakufikiridwa n'kumufikitsa kumene thandizo lilipo kale: vitamini A miyezi 6 iliyonse kuyambira ali ndi miyezi 6, mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira chaka chimodzi, katemera amene anadumphidwa. Zambiri mwa izi n'zaulere, chimene chimasowa ndi ulendo ndi munthu wokumbutsa.

Kafunsefunse: Zamveka akuluakulu. Nanga mwana akachira, timufufute m'buku?

Namwino wa Ana: Ayi. Amatulutsidwa kalamba kakafika 12.5 ndipo kutupa kutatha kwa masabata awiri, koma amabwerera kukhomo lomwe lija, ndipo miyezi yotsatira ndi imene ambiri amabwereranso pofiira. Muzimuyeza mwezi uliwonse kwa miyezi yosachepera 6, ndipo musiyireni mayi kalamba kake. Muyezenso abale ake osakwana zaka zisanu. Akabwereranso kachiwiri, kapena sakukwera pasikelo ngakhale akudya chiponde, akayezedwe HIV ndi chifuwa chachikulu. M'buku lanu mukhale dzina, tsiku lobadwa, muyezo wa mkono ndi deti lake, kumene anatumizidwa, ndi danga lina lolembamo ngati anafikadi kuchipatalako. Bukulo lisungidwe ndi munthu mmodzi pamalo otseka, ndipo zithunzi za anawo musaziike pa intaneti pofuna kukopa opereka thandizo.